Ankhoswe a Viza Yanga

Malemu akazi anga ankakonda kuuza alendo kuti dziko lino likanakhala lopanda ankhoswe, ine ndikanakalamba ndili batchala. Ankanena akuseka, uku akundithirira tiyi, ndipo ine ndinkaseka nawo chifukwa sankanama. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi ku Lilongwe, pakamwa pa nyumba yathu panali iwo. Denga likadontha, okalankhula ndi eni nyumba anali iwo. Mwana akadwala, ofunsa dokotala mafunso ovuta anali iwo, ngakhale kuti namwino m'banjamo ndinali ine. Ntchito yanga inali kuphunzitsa anamwino pa koleji ina ya mishoni, kutsogolera pemphero la m'mawa, ndi kuvomera zimene iwo akonza. Sindinkaona ngati ndikuponderezedwa. Ndinkaona kuti Mulungu anagawa bwino: wina anamupatsa mawu, wina anamupatsa kudekha, n'kuwaika m'nyumba imodzi.

Atatisiya, nyumba ija inakula. Mwana wathu mmodzi yekhayo anali atakwatiwa ku Zomba, ndipo ine ndinayamba kutsalira ku ntchito popanda chifukwa, kuopa kukatsegula chitseko cha nyumba yopanda wondifunsa mmene ndaswerera. Akuluakulu a pakoleji anaziona. Mwayi wosinthana aphunzitsi ndi yunivesite ina ya mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, utapezeka, anasankha ine, ndipo sindikayika kuti chisoni chinathandiza nawo posankhapo. Ndinafika kuno chakumapeto kwa 2019, pa viza ya mlendo wa pulogalamu yosinthana. Viza imeneyo inali yosabisa mawu: ubwere, uone mmene anzako amaphunzitsira, uphunzitseko pang'ono, ubwerere kwanu. Mlendo ndi mame. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi ndi jekete limene akazi anga anandigulira pa kaunjika, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzafunanso china.

Mliri wa korona unandipeza ndisanazolowere n'komwe kukwera sitima. Ndege zinaima. Makalasi anasamukira pa kompyuta, ndipo mphunzitsi wobwera kudzaonerera analibenso choonerera. Chipinda chimene yunivesite inandipatsa chinali cha nthawi ya pulogalamu yokha. Amene anandinyamula ndi mayi ena a ku Ntcheu, anamwino, amene ndinadziwana nawo ku mapemphero a Amalawi. Ndi aang'ono kwa ine, koma kuyambira tsiku loyamba ankanditcha achimwene, ine n'kumati achemwali, ndipo chibale chinakhazikika chomwecho. Amuna awo ndi a ku Zambia, amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Maddington, kufupi ndi kumene amakhala. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda ka padera, pafupi ndi mtengo wa mandimu.

"Mukhala kwathu mpaka ndege zidzayambe kuuluka," anatero achemwali pa foni.

Ndinati zikomo, koma musavutike, ndiona chochita.

"Ndanena kuti mukhala kwathu. Alamu anu abwera ndi galimoto Loweruka."

Ine ndinakana kamodzi monga munthu woleredwa, iwo anabwereza monga anthu oleredwa, ndipo Loweruka sutikesi yanga inali m'galimoto. Umu ndi mmene ndinkadziwira kuti zinthu zimayendera pakati pa anthu.

Boma linatsegula viza ya kanthawi kwa alendo amene tinatsekeredwa, makamaka amene akanatha kugwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Achemwali ankagwira pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Midland, ndipo anandiperekeza kumeneko. Ndinayamba ngati wothandizira, wosambitsa ndi kudyetsa, mpaka pamene mapepala anga a unamwino anavomerezedwa ndi bungwe loona za anamwino la kuno, nkhani imene inandidyera nthawi ndi mayeso. Mashifti athu akagwirizana, tinkapita pa galimoto ya achemwali. Akasiyana, ndinkakwera sitima ku Maddington, kutsika m'tauni, n'kukwera ina mpaka pamene njanji imathera. Masiku ena podikira ndinkayenda pang'ono kulowera ku Northbridge, kungoona mipando ya m'malesitilanti itasanjikizidwa mkati ngati mabenchi a tchalitchi pa tsiku lokolopa.

Ndinali nditaphunzitsa unamwino zaka zambiri, koma manja anga anali ataiwala thupi la munthu mpaka pamene akazi anga anadwala. Miyezi yawo yomaliza ndinkawasambitsa ndekha, kuwatembenuza, kuwapesa. Atapita, manja aja anasowa chochita. Ku Midland anachipeza. Nthawi zina abale a okalamba sankaloledwa kulowa. Ankaima pa windo n'kumakweza manja, ndiye ife ovala masiki tinasanduka ana ndi adzukulu a anthu amene sitinawadziwe ali ndi mphamvu. Panali gogo wina, mkazi wamasiye wa mlimi wa tirigu, amene sankalola wina aliyense kumupesa koma ine. Ankati enawo amakoka ngati akumeta nkhosa. Ndikamamupesa ndinkang'ung'udza nyimbo za kwaya chapansipansi, iye n'kumatsinzina. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndikudziwa kuti kwinakwake kuli munthu akundidikira. Amene sanaferedwepo mwina sangamve kukula kwa chinthu chimenechi.

Kumudzi nako zinthu sizinaime. Koleji sikanatha kudikira munthu wosadziwika tsiku lobwera. Malo anga anapatsa mphunzitsi wachinyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha, ine n'kundimasula mwaulemu. Sindinadandaule, zinali zoyenera. Mwana wanga anandiuza pa foni kuti, "Adadi, masiku ano mawu anu akumveka amoyo. Ngati pali njira, khalani kaye komweko. Manda a amayi ndikulambula ine." Ndinamuyankha kuti tiona mmene Mulungu atsogolere. Koma mumtima ndinkadziwa kale. Ndinkafuna kukhala. Mulungu ndinkamuuza zimenezi m'mawa uliwonse, mosazungulira, koma munthu wa mnofu ndi magazi sindinamuuze ndi mmodzi yemwe. Viza yanga ya kanthawi inali kupita kumapeto, ndipo njira yokhalitsa inali imodzi: kuti abwana a pantchito akuimire, akupemphere viza ya ntchito. Ife timangoti kusponsa. Popanda zimenezo, ndege zikayamba kuuluka ndinayenera kubwerera ku nyumba yachete ija, ndilibenso ntchito yotsalirako madzulo.

Amanijala athu ndi mayi a konkuno, aatali, oyenda mofulumira, amene amadya chamasana ataimirira. Ndi munthu wabwino, wa mtundu uja wosataya mawu. Tsiku lina, m'nyengo imene majakaranda a kuno amachita maluwa, mochedwerapo kusiyana ndi a ku Lilongwe, anandipeza m'chipinda chopumuliramo ndikutsuka kapu. Tinalankhula m'Chingerezi, koma ndiika m'chathu.

"A ku likulu andilola kusponsa namwino mmodzi," anatero. "Ndinaganiza za inu. Mungakonde?"

Chinthu chimene ndinkapempha m'mawa uliwonse chinali chitandipeza pa sinki, manja ali ndi thovu. Ndipo pakamwa panga panayankha mmene anandiphunzitsira amayi ondibala, mmene ndinkayankhira pa khomo lililonse pamene anandipatsapo mpando ndi madzi osamba m'manja.

"Zikomo kwambiri, mayi, mwandilemekeza. Koma musavutike chifukwa cha ine. Ndi nkhani yaikulu, ikupatsani ntchito yambiri, ndipo mwina pali ena oyenera kuposa ine."

Anandiyang'ana kanthawi, maso okha pamwamba pa masiki.

"No worries," anatero. "Ndamva."

Anagwedeza mutu n'kutuluka.

Tsiku limenelo ndinabwerera ku Maddington ndili wokondwa. Ndinathokoza Mulungu m'sitima yonse. Kwa ine nkhani inali itayamba bwino lomwe. Iwo apereka, ine ndakana mwaulemu. Chotsala chinali chakuti abwerenso anene kuti ayi bambo, tikufuna inuyo, ndiye ine ndiweramitse mutu ndinene kuti ngati mwatero, ndine yani kuti ndikane. Achemwali sindinawauze, chifukwa chisanapse saphula.

Ndinadikira. Amanijala akamabwera m'khonde ndinkachepetsa liwiro kuti asavutike kundipeza. Ankandipatsa moni mwansangala, kundifunsa za bala la pa mwendo wa bambo wakutiwakuti, n'kupitirira. Ndinadziuza kuti ndi otanganidwa, poti inali nthawi ya katemera ndi malamulo osintha sabata ndi sabata. Ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Majakaranda anayoyoka, dzuwa linayamba kuotcha udzu wa m'mbali mwa njanji, ndipo tsiku lothera viza linkayandikira. Sindinawakwiyire. Ndinkangoona kuti mayi amenewa amatenga nthawi asanabwereze, ndipo mumtima ndinkawayamikira kuti si opupuluma.

Lachisanu lina masana ndinali pa ofu, nditakhala pansi pa mtengo wa mandimu, alamu akutsuka galimoto yawo. Achemwali anafika kuchokera ku shifti ya m'mawa. Sanalowe m'nyumba. Anabwera molunjika pamene ndinakhala, chikwama chili pa phewa.

"Achimwene, mukupita liti?"

"Kuti, achemwali?"

"Kumudzi. Ndikufunsa kuti ndidziwe kukula kwa keke."

Anaika chikwama pansi n'kufotokoza. Amanijala anawaitana mu ofesi kuwafunsa kuti Amalawi amakonda mphatso yanji potsanzikana, chifukwa akukonza tiyi wonditsanzika.

"Akuti akudandaula kwambiri kuti akutayani, koma akumvetsa kuti munthu woferedwa amafuna kukhala pafupi ndi kwawo. Akuti anakufunsani za kusponsa, inu munakana."

"Sindinakane," ndinatero. "Ndinakana koyamba chabe."

Kenaka alamu anaponya paipi pansi, madzi akutuluka, n'kuseka mpaka kukhala pa ndowa.

"Ba mulamu, imwe," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, akupukuta misozi. "Kuno kulibe koyamba na kachibili. Muzungu akafunsa kamozi, ninshi yasila, nkhani yatha. Ine wiki yanga yoyamba ku nchito, munzanga anabwela na ma pie yabili, ati tenga imozi. Ine ati no thanks, nakuta. Anadya yonse yabili, ine nili kuyangana che, mumala mulila."

Achemwali sanaseke.

"Mulungu mumamuuza m'mawa uliwonse," anatero. "Ndimakumvani pa windo ndikamayanika zovala. Wakuyankhani, watuma munthu mpaka pa sinki pomwe, inu n'kumubweza."

"Ndimayembekeza kuti abweranso."

"Akubweranso, inde. Ndi keke."

Kenaka anandiuza mbali yolemera. Amanijala anayenera kuyankha a ku likulu mwezi umenewo usanathe. Akapanda kupereka dzina, malo aja apita ku nyumba ina ya kampani yomweyo, ndipo palibe ankadziwa kuti mwayi wina udzabwera liti. Mwezi unali utapita kale patali.

"Lolemba mupite mukawauze kuti mukufuna," anatero achemwali.

Ndinayang'ana madzi a m'paipi akulowa mu udzu. Kenaka ndinawauza zoona, kuti sindingathe. Munthu wabweza yekha mbale, n'kudzukanso kukaipempha, ngati mwana wolirira chimene wataya dala. Ndiponso kupita kwa abwana n'kunena kuti ndipatseni, ine, osati wina, ndi mawu amene lilime langa silinawaphunzire. Ndinati mwina ndi mmene Mulungu wafunira.

"Musamunamizire Mulungu, achimwene."

"So tipeze ba nkhoswe," anatero alamu, akadali pa ndowa. "Monga vamene banachita pa ukwati wanu."

Iwo ankanena nthabwala. Koma achemwali anatembenuka n'kuwayang'ana, ndipo ndinaona alamu akuzindikira kuti adzipezera okha ntchito.

"Chabwino," anatero achemwali. "Ankhoswe ndife. Bambo, Lolemba mupemphe kuchoka msanga ku ntchito. Ndipo tsekani madziwo."

Masiku amenewo anthu akunja sankalowa m'nyumba ya okalamba mwachisawawa, choncho achemwali anapempha amanijala kuti akumane pa benchi ya m'munda wa maluwa, panja. Ine ndinatsala mkati, chifukwa mwini nkhani sakhalapo ankhoswe akamalankhula. Zinangochitika kuti windo la chipinda cha gogo uja limayang'ana kumundako, ndipo inali nthawi yomupesa. Ndinaona achemwali akutuluka atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Ndinaona alamu akubwera kuchokera koimika magalimoto atavala jekete la suti pamwamba pa malaya owala a kuntchito, akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati munthu amene wamanga maukwati ambiri. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anayamba ndi kunena kuti abwera m'malo mwa mbale wawo amene waona chinthu chabwino m'mudzi uno, ndipo kuti akanapitiriza mpaka dzuwa kupendeka achemwali akanapanda kuwadula n'kufotokoza nkhani mwachidule.

"Lero mukukoka," anatero gogo uja.

Ndinapepesa, koma maso sanachoke pa windo. Ndinaona amanijala akumvetsera, kenaka akugwira mutu ndi manja awiri, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mtima unakhala pansi pang'ono. Kenaka kuseka kunatha. Analankhula kanthawi, n'kupukusa mutu. Anapukusanso kachiwiri. Alamu anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati. Ndinaika chipeso pa tebulo, ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi la munthu amene akuona kuti chitseko chatsekeka: kuti ndipatsidwe mtima wolandira. Nditakweza maso, achemwali anali akundikodola.

"Pitani," anatero gogo uja. "Koma mubwere mudzamalize mbali inayi."

Panja kunali kotentha. Amanijala anandilozera mpando moyang'anana nawo.

"Abale anu andifotokozera," anatero, "ndipo pepani kuti sindinadziwe. Koma nanenso ndikufuna mudziwe chifukwa chimene sindinabwerenso. Viza imeneyi imamangirira munthu kwa abwana ake, ndipo abwana anu ndine. Ndikamakufunsani kawiri katatu mutakana kale, kwathu kuno kumeneko ndi kukakamiza. Munthu amene mapepala ake ali m'manja mwanga akhoza kuvomera chifukwa cha mantha chabe. Ndinkafunitsitsa kukufunsaninso. Ndinadziletsa, ndikuganiza kuti ndikukulemekezani."

Ndinawayang'ana mayi aja, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachiganizire masabata onse aja m'khonde: kuti nawonso analeredwa. Amayi awo anawaphunzitsa kuti munthu akakana umusiye ndi ulemu wake, monga amayi anga anandiphunzitsira kuti usatambasule dzanja pa kuitana koyamba. Tonse awiri tinkapatsana ulemu, aliyense ataima kuseri kwa chitseko chake, ndipo ulemuwo unatsala pang'ono kundikweza ndege.

"Pa chifukwa chomwecho," anapitiriza, "sindingalandire mawu a ankhoswe, ngakhale abwera atavala bwino chonchi. Ndikufuna ndimve kwa inu. Sindinapereke yankho ku likulu. Mukufuna kukhala?"

Alamu anatsokomola. Achemwali anayang'ana maluwa, n'kunena chapansipansi m'Chichewa, ngati akulankhula ndi njuchi: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene."

Pali mbali ya nkhani ya ukwati wathu imene akazi anga sankauza alendo. Ankhoswe atamaliza zonse, mbali ziwiri zitagwirizana, tsiku la chinkhoswe litatchulidwa, iwo anandiimitsa kuseri kwa tchalitchi titamaliza kuphunzira nyimbo za kwaya. Anali mtsikana wochepa thupi, wovala diresi la madontho, atanyamula buku la nyimbo pa chifuwa. Anati, "Amalume anu alankhula bwino kwambiri. Koma ine sindikukwatiwa ndi amalume anu. Inuyo simunandiuze kanthu." Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinalankhula za nyengo. Ndinati akuluakulu anena kale zonse. Iwo anangoima, osandithandiza ngakhale pang'ono, mpaka anzathu onse a kwaya anapita. Pomaliza mawu anatuluka, ouma ngati chimanga chokazinga: "Ndikukufunani." Iwo anati, "Basi. Zinali zovuta pati?" Ndipo kuchokera tsiku limenelo anandilankhulira kwa anthu onse a dziko lapansi, moyo wawo wonse, osadandaula. Koma mawu amodzi aja anafuna kuti atuluke mkamwa mwanga.

Pa benchi ija ku Midland, ndinamva ngati aima pambali panga ndi buku lawo la nyimbo, osandithandiza ngakhale pang'ono.

Ndinavula masiki, popeza tinali panja ndipo tinakhala motalikirana. Ndinkafuna kuti mayi aja aone pakamwa pamene mawuwo akuchokera.

"Ndikufuna kukhala," ndinatero. "Ntchito imeneyi ndimaikonda. Ndikupempha kuti mundisponse ineyo."

"Zabwino," anatero amanijala, akuimirira kale. "Mubwere ku ofesi mukamaliza shifti. Ndiimbira a ku likulu tsopano lino."

Zinathera pomwepo. Ndinkayembekeza kuti mawu otere agwedeza nthaka, koma amanijala anali atafika kale pa khomo, foni ili kukhutu. Achemwali anaimba kanthungululu kakang'ono mkati mwa masiki, kosadzutsa ogona. Alamu anavala chipewa n'kundigwira chigongono ndi chigongono chawo, monga tinkapatsirana moni masiku amenewo.

"Ukwati wamangika, ba mulamu," anatero. "Manje nkhuku ya ba nkhoswe ili kuti?"

Ndinabwerera kukamaliza mbali ina ya tsitsi la gogo uja. Anandifunsa kuti kunja kunali msonkhano wanji. Ndinamuuza kuti ndapempha kukhala, ndipo andilola kuyesa. Anati, "Ndimaganiza kuti zinatha kalekale zimenezo," n'kutsinzina.

Zotsatira zake zinali za mapepala, ndipo sindizikumbukira mwachikondi. Kunali kukayezedwa m'chifuwa, kunali kalata ya apolisi a kumudzi imene mwana wanga anaiyendera mpaka nsapato kutha, kunali mafunso a loya wa za maviza amene kampani inalemba. Viza yakale itatha ndinakhala pa viza yodikirira, imene imakulola kugwira ntchito koma siikulola kugona tulo tonse. Keke ija inali itaitanitsidwa kale. Tinaidya Lachisanu lotsatira m'chipinda chopumuliramo, amanijala atafufuta mawu otsanzika ndi mpeni wa batala. Nkhuku ya ankhoswe ndinagula ku Maddington, ndipo alamu anaiwotcha okha, akudandaula kuti nkhuku za kuno zilibe mafupa oti munthu atafune.

Yankho linabwera chaka chotsatira, malire atatsegulidwa, m'mawa wamba ndili m'sitima ya ku Midland. Foni inanjenjemera m'thumba la jekete la pa kaunjika lija. Ndinawerenga imelo ya loya, ndinaibwereza, kenaka ndinatseka maso n'kuthokoza. Munthu amene anakhala pafupi nane ayenera kuti anaganiza kuti ndikusinza.

Amanijala sanaiwale. Mpaka lero akandipeza m'chipinda chopumuliramo amandifunsa ngati ndikufuna tiyi. Ndikati musavutike, amaima ndi ketulo m'manja n'kunena kuti, "Ndikufunsa kachiwiri." Ndipo ine ndimapereka kapu. Nthawi zina ndimavomera pa kufunsa koyamba, iwo n'kuoneka ngati ndawalanda kanthu.

Tchuthi changa choyamba ndinapita kumudzi, tikiti yobwerera ili m'thumba. Mwana wanga anandichingamira, ndipo m'mawa mwake tinapita kumanda. Anali atalambula bwino, monga ananenera, atadzalanso maluwa ofiira amene amayi ake ankawakonda. Tinapemphera. Kenaka ndinaima chete, ndikuwauza akazi anga mumtima za Midland, za gogo wa tsitsi loyera, za alamu ndi jekete lawo la suti. Ndinawauza kuti ankhoswe anayesetsa, koma mawu ndinanena ndekha. Yankho lawo ndinkalidziwa kale, ndipo ndinapezeka ndikumwetulira pa malo osamwetulira.

Dzuwa linali litakwera. Mwana wanga anayang'ana kumene tinasiya galimoto, n'kundifunsa mwaulemu, mmene amandifunsira nthawi zonse akudziwa kuti ndinena kuti zili kwa iwe:

"Adadi, tizipita, kapena mukufuna tikhalebe?"

"Ndikufuna tikhalebe pang'ono," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati wamva mawu a munthu wina. Kenaka anayala chitenje chake pa udzu, ndipo tinakhala pansi.